Madzi osefukira akaphwa: zoyenera kuchita kuti kolera isalowe m'mudzi

Uthengawu ukupita kwa anthu a m'midzi ya ku Mulanje ndi ku Thyolo, makamaka okhala m'mphepete mwa Ruo, Thuchila, Likhubula, Muloza ndi timitsinje totsika m'mapiri. Ukupitanso kwa mafumu, makomiti a mijigo, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, poti ndi iwo amene amayamba kuthamangathamanga thandizo la boma ndi mabungwe lisanafike.

Kuno madzi timawadziwa. Akuluakulu amakumbukira napolo wa ku Phalombe wa mu 1991, ndipo ngakhale ana akukumbukira namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, amene anagumula mapiri, kukokolola nyumba ndi milatho, ndi kusiya anthu oposa theka la miliyoni opanda pokhala m'chigawo chakummwera. Chimene timachedwa kuchiona ndi matenda obwera pambuyo pake. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, patangopita milungu yochepa namondwe wotchedwa Ana atasefukiza mitsinje yakummwera, unafika m'maboma onse. Anadwala anthu oposa 58,000 ndipo oposa 1,700 anamwalira. Ambiri mwa iwo akanapulumuka ndi zinthu zotsika mtengo kwambiri: madzi otetezedwa, sopo, paketi ya Thanzi ORS, ndi kufulumira.

Mjigo umene unamira

Madzi akasefukira amadzaza zimbudzi, nkunyamula zonse za m'dzenjemo kupita nazo m'zitsime, m'madambo ndi pamijigo. Kolera imafala motero basi: tizilombo totuluka m'chimbudzi cha munthu timalowa m'kamwa mwa wina kudzera m'madzi, m'chakudya kapena m'manja. Ndipo anthu ambiri amene ali ndi tizilomboti sadwala n'komwe, amangoyenda bwinobwino akutifalitsa. Ndiye musanene kuti m'mudzi mwathu mulibe wodwala, tili bwino.

Chitsime cha pamtunda kapena cha kudambo chimene chinalowa madzi osefukira, musamwe madzi ake osawateteza, ngakhale atayera bwanji. Mjigo nawonso, ngati madzi anafika pakhosi pake, kapena simenti yozungulira inang'ambika kapena kukumbika pansi, uyenera kukayikiridwa. Apa ndi pamene anthu ambiri amanyengeka, chifukwa tinazolowera kuti madzi a pamjigo ndi abwino. Akomiti ya mjigo, kanenani kwa mlangizi wa zaumoyo kuti mjigowo uthiridwe mankhwala, ndipo itanani wokonza mijigo wa m'dera lanu aone simentiyo. Kufikira zitatero, ndowa iliyonse yochoka pamenepo ithiridwe klorini.

Kuteteza madzi pakhomo

Madzi akakhala amatope, musathiremo mankhwala nthawi yomweyo, chifukwa matope amafooketsa klorini. Aikeni kaye adikhe, muwatsanulire m'ndowa ina mosamala, mukusefa ndi nsalu yoyera yopinda kangapo. Mukatero thirani Waterguard motsatira zolembedwa pabotolo, kapena klorini wosungunula amene alangizi a zaumoyo amagawa, pa mlingo umene iwo akuuzani. Takasani, vindikirani, dikirani mphindi 30 musanamwe. Klorini wa ufa uja wa HTH ndi wamphamvu kwambiri, si wothira m'ndowa mwachindunji. Amasungunula ndi alangizi, ndipo asungidwe patali ndi ana.

Ena amadandaula fungo la klorini, mpaka amabisa ndowa ina ya madzi osathira yoti azimwa akuluakulu. Chonde lekani. Fungolo limachepa madzi akakhalitsa pang'ono, ndipo silidwalitsa munthu.

Ngati klorini palibe, wiritsani madzi mpaka abwate kwa mphindi yathunthu. Tikudziwa kuti nthawi ya mvula nkhuni zimakhala zonyowa ndipo makala ndi odula. Zikavuta choncho, wiritsani okumwa okha, kuyambira a ana aang'ono, amayi oyembekezera ndi okalamba.

Madzi otetezedwa amaipanso pakhomo pomwepo. Mwana wachokera kuseri, watenga kapu, wapisa dzanja lonse m'ndowa, basi ntchito yonse ija yapita pachabe. Chigubu cha kukamwa kwakung'ono n'chabwino kuposa ndowa chifukwa dzanja sililowa. Ngati muli ndi ndowa yokha, ikhale yovindikira, ndipo pakhale kapu ya chogwirira yotungira yokha, ina yomwera.

Zimbudzi zogwa

Nyumba ikagwa, aliyense amaganiza za denga, chimbudzi chimabwera kumapeto. N'zomveka, koma milungu imene banja likhala lopanda chimbudzi ndi imene matenda amalowa. Kumbani kadzenje koyembekezera tsiku loyamba lomwe, mutchinge ndi udzu kapena matumba, ndipo aliyense akadzithandiza azithirapo dothi kapena phulusa. Amene zamupanikiza ali kumunda atenge khasu, akumbe, akwirire. Chimbudzi cha mwana wakhanda chili ndi tizilombo ngati cha wamkulu, chitayidwe m'dzenje, osati kuseri kwa nyumba, ndipo matewera asachapidwe pamjigo kapena mumtsinje.

Pokumba chokhazikika, chitalikire ndi mamita 30 kapena kuposa kuchokera pachitsime kapena pamjigo, ndipo chikhale chakumunsi kwake. Kumene dothi limagumuka, limbitsani dzenje ndi njerwa kapena nsungwi zolukidwa. Pabowo pakhale chivindikiro. Maenje a zimbudzi zakugwa akwiriridwe msanga, ana angagweremo.

Panja pa chimbudzi pakhale mpondagiya: kachigubu koboola, chingwe, timitengo, ndi sopo womangirira. Sopo akasowa, phulusa ligwire ntchito. Kusamba m'manja m'beseni limodzi banja lonse tisanadye nsima kuyenera kutha. Wina azithirira mnzake.

M'mudzi muli agogo okhala okha, olumala, ndi amayi olera ana okha amene sangakumbe dzenje. Amfumu, itanani achinyamata awakumbire, monga timachitira pa manda. Khomo limodzi lopanda chimbudzi likhoza kudwalitsa mudzi wonse. Kumisasa ya m'sukulu ndi m'matchalitchi, zimbudzi za amayi zikhale zosiyana ndi za abambo, ndipo pakhale anthu osinthana kuzitsuka tsiku lililonse.

Wina akayamba kutsekula

Kolera imadziwika ndi kutsekula m'mimba kwa madzi okhaokha, otuwa ngati otsukira mpunga, kawirikawiri kopanda kupotokola. Wodwala amasanza, miyendo imakokana, maso amalowa m'kati, mawu amachepa, ndipo ukatsina khungu la pamimba limachedwa kubwerera. Zizindikiro zimayamba pakati pa maola 12 ndi masiku 5 munthu atamwa tizilomboti. Chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo munthu wamphamvu amene anali kumunda m'mawa akhoza kumwalira usiku womwewo.

Choncho musadikire kuti kuche. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndiye kuti mabotolo awiri a theka la lita, muyambe kum'mwetsa pomwepo, ndipo nyamukani kupita kuchipatala akumwa m'njira. Mwana wosakwana zaka 2 apatsidwe kota mpaka theka la kapu nthawi iliyonse watsekula, ndi supuni, pang'onopang'ono. Wa zaka 2 mpaka 9, theka la kapu mpaka kapu yodzaza. Wamkulu amwe mmene angathere. Akasanza, dikirani mphindi 10, mupitirize. Mwana woyamwa asasiye bere. ORS wotsala akatha maola 24 atayidwe, musungunule wina.

Ngati paketi palibe ndipo mlatho waduka, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi. Masupuniwo akhale osalaza pamwamba, osati a mulu, chifukwa mchere ukachuluka umavulaza mwana. Zimenezi n'zongothandiza m'njira, sizilowa m'malo mwa chipatala. Amene wafooka mpaka kulephera kumwa akufunika diripi, ndipo diripi ili kuchipatala kokha. Ana amapatsidwanso zinki wa masiku 10 mpaka 14. Amalize ngakhale kutsekula kutasiya. Mankhwala ogula pagolosale oti aletse kutsekula, ndi zitsamba, zimangotayitsa maola amene wodwala alibe.

Kolera si matenda a manyazi ndipo si ufiti. Banja limene labisa wodwala likuika pangozi ana ake omwe. Dziwitsani mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo kuti adzapopere mankhwala ndi kuona ena pakhomopo. Mukhozanso kuimba ku Chipatala Cha Pa Foni kuti mulandire uphungu. Katemera wa kolera wakumwa akabwera m'dera lanu, kalandireni, koma musasiye kuteteza madzi.

Mawu ovuta ndi a maliro. Thupi la womwalira ndi kolera limakhala ndi tizilombo tambiri. Lolani azaumoyo alikonze, maliro aikidwe msanga, ndipo pasaphikidwe chakudya. Zimapweteka kusasambitsa mayi ako kapena mwana wako monga mwa mwambo, ndipo palibe amene akupeputsa ululu umenewo. Koma maliro amodzi asatibalire ena.

Zina zobwera ndi madzi

Zithaphwi zimaswa udzudzu, ndipo masikito ambiri amapita ndi madzi. Malungo amachuluka milungu ingapo madzi ataphwa. Aliyense wotentha thupi akayezetse magazi tsiku lomwelo, ndipo akapatsidwa LA amalize. Neti imene yapulumuka igonedwe ndi ana aang'ono ndi amayi oyembekezera, ngakhale kumsasa.

Chimanga chimene chinanyowa n'kuchita chuku musadye ndipo musagayitse. Poizoni wake satha ndi kuphika ndipo amawononga chiwindi. Nyama ya mbuzi, nkhumba kapena nkhuku zofa ndi madzi ikwiriridwe. Chakudya chidyedwe chotentha, ndipo zipatso monga mango ndi zinanazi zitsukidwe ndi madzi otetezedwa musanasende.

Amene mumamwa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga, a BP kapena a khunyu, ngati mankhwala ndi buku la kuchipatala zinakokoloka, musakhale pansi poopa kukalipidwa. Pitani kuchipatala chilichonse chimene mungafike mukafotokoze. Amayi amene masiku ayandikira akadikirire kuchipatala mitsinje isanadzaze, ndipo ana apitirize kupita kusikelo, kumene amayezedwa pamkono kuti kunyentchera kudziwike msanga.

Ntchito ya komiti ya m'mudzi

Komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi imene imapereka malipoti kukhonsolo ya boma, kuti afike ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zotere, ndi ku mabungwe monga Red Cross. Polemba zowonongeka, musalembe nyumba ndi minda yokha. Lembani zimbudzi zogwa, mijigo yomira, mabanja opanda sopo ndi neti, amayi oyembekezera, ndi odwala amene mankhwala awathera, chifukwa chimene sichinalembedwe sichibwera. Pogawa, klorini ndi ndowa ziyambe kufika kwa okhala kutali ndi msewu.

Mvula isanayambe, gwirizanani ndi mlangizi wa zaumoyo kuti mapaketi a ORS ndi klorini asungidwe m'mudzi momwemo, kwa munthu wodziwika ndi aliyense, tsidya lino la mtsinje. Sankhaninso njinga kapena machira onyamulira wodwala, ndi anthu anayi oti adzutsidwe usiku akafunika.