Mbaula ndi kabotolo zisiyeni kuno ku Lusaka

Chisanu cha June chikangoyamba, anthu amabwera ndi mafomu oti ndiwasayinire kuti ali ndi thanzi lokwera phiri. Ambiri amakhala akupita ku phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, ena pagulu la kuntchito, ena la kutchalitchi. Ndikawafunsa kuti zogona m'tenti kozizira mwazikonzekera bwanji, yankho ndi lomwe lija: "Adokotala musadandaule, ndagula chijekete ku salaula, komanso tidzanyamula kabotolo." Wina anachita kundiuza kuti anakulira ku Mbala, choncho kuzizira amakudziwa. Yankho limeneli landikwana.

Lusaka ili pa mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pamlingo wa nyanja, ndipo timayamba kulira usiku ukatsika pansi pa madigiri 10. Nsonga ya Kilimanjaro, yotchedwa Uhuru, ili pa mamita 5,895. Msasa wa Barafu, kumene ambiri amagona asanakwere kunsonga, uli kupitirira mamita 4,600, ndipo dzinalo m'Chiswahili likutanthauza madzi oundana. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera. Ulendo wa kunsongawo umayamba pakati pa usiku, nthawi imene kukhoza kufika madigiri 10 pansi pa ziro kapena kuposerapo, mphepo ikuomba. Zimene zimatithandiza kuno mu July, kumeneko n'zimene zimapweteka munthu.

Ndiyambe ndi kabotolo. Mowa umatsegula timitsempha ta pakhungu, magazi otentha a m'kati n'kuthamangira kunja. Nkhope imamva kufunda, koma kutenthako ndiye kuti kukutuluka m'thupi. Mowa umachepetsanso kunjenjemera, komwe ndi njira imene thupi limadziwothera lokha, ndipo umaphetsa munthu nzeru moti amagona osatseka zipi. Simunaonepo chidakwa chitapezeka m'ngalande m'mamawa wa July chili gwa? Ndi kuno kumene, kopanda chipale.

M'kati mwa thupi mumayenera kukhala madigiri 37. Mukatsika pansi pa 35 munthu wadwala: amanjenjemera, amaphunthwa pamalo osalala, zala zimakanika kumanga zingwe za nsapato, mawu amatuluka ngati waledzera. Pofika cha m'ma 32 kunjenjemera kuja kumayamba kuleka, ndipo apa ndi pamene anzake amanamizika kuti wapeza bwino. Ena amafika povula zovala, ati akumva kutentha. Munthu wotero mugonekeni pansi poyalidwa, mumunyamule mosamala osamugwedeza chifukwa mtima wozizidwa suchedwa kusokonezeka, mumuvule zonyowa, mumufunditse pachifuwa ndi kumutu. Tiyi wa shuga mumupatse pokhapokha ali maso ndipo akumeza bwino. Kenako mutsike naye.

Za mbaula sindiyenera n'komwe kuzinena, koma chaka ndi chaka m'makomboni muno timaika maliro a anthu amene anagona ndi makala m'nyumba atatseka zitseko ndi mawindo. Mpweya wa carbon monoxide umene makala oyaka amatulutsa sununkha, suoneka, ndipo umakakamira m'magazi kuposa oxygen kupitirira ka 200. Tenti yotseka ndi kachipinda kakang'ono kuposa ka ku Kanyama. Kasitovu ka gasi kamatulutsa mpweya womwewo. Choipa china n'chakuti mutu ndi nseru zake zimafanana ndi matenda a pamwamba pa phiri, ndiye munthu amangomwa Panado n'kupitiriza kupuma poizoni. Phikirani panja.

Tsono chijekete chija. Vuto lake ndi thukuta. Mukamakwera mutavala chinthu chimodzi chachikulu mumatuluka thukuta, malaya a thonje a m'kati n'kulimwa, ndipo mukangoima kuti mupume, madziwo amayamba kukukokani kutentha. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira pafupifupi ka 25 kuposa mpweya. Valani zopyapyala zingapo zosanjikiza, zaubweya kapena za fleece, zoti muzivula mukamayenda n'kuvalanso mukaima, pamwamba pake chotchinga mphepo ndi mvula. Jinzi isiyeni kunyumba. Sokosi ndi malaya ogonera zikhale m'pulasitiki, zosakhudzidwa masana.

Anthu amawononga ndalama pa thumba logonamo n'kuiwala choyala pansi. Thumbalo limafunda chifukwa cha mpweya wotsekeredwa m'kati mwa nsalu, ndipo mbali imene mwagonera mwaiphwanya, ilibe mpweya. Nthaka ndiyo imakudyani usiku wonse. Pezani matiresi a paulendo okhuthala bwino. Ndipo manambala a madigiri olembedwa pathumba muziwawerenga bwino: ya "comfort" ndiyo yanu, ya "extreme" imangotanthauza kuti mwina kukacha mudzakhala muli moyo. Thumba la pa salaula limene lakhala litapanikizidwa m'belo miyezi yambiri silifikanso pa nambala iliyonse yalembedwapo. Musanagone idyani chakudya chotentha chamafuta, imwani madzi ngakhale ludzu mulibe, ndipo botolo la madzi otentha lotseka bwino mulikulunge ndi sokosi n'kulowa nalo m'thumba.

Pali mnyamata mmodzi amene sachoka m'mutu mwanga. Anali wa zaka za m'ma 20, wothamanga, wosasuta. Anagula nsapato za m'phiri zomukwana ndendende, ndipo usiku wopita kunsonga anavala sokosi zokhuthala ziwiri kuti afunde. Nsapato zinathina, magazi osayenda bwino. Zala za kuphazi zinamupweteka maola awiri, kenako zinasiya, iye n'kuthokoza Mulungu. Kusiya kupwetekako ndiye kunali kuuma kwa mnofu. Atatsikira kumsasa n'kuvula, zala zitatu zinali zoyera ndi zolimba ngati chinangwa chosenda. Mnzake wachifundo anazitikita mwamphamvu, kenako anaziyandikitsa pa sitovu. M'kati mwa mnofu wouma muli timadzi toundana takuthwa, ndiye kutikita kuli ngati kupukusa mabotolo osweka m'thumba la nyama. Ndipo poti phazilo silinkamva kanthu, linapsanso ndi moto iye akuyang'ana.

Chimene chikanamuthandiza n'chosavuta: kuviika phazi m'madzi ofunda a madigiri 37 mpaka 39, oti chigongono chanu chikhoza kukhalamo osapsa, kwa mphindi pafupifupi 30 kufikira mnofu utafewa. Zimapweteka koopsa, n'chifukwa chake pamafunika mankhwala opha ululu. Koma muzichita zimenezi pokhapokha mukudziwa kuti phazilo silikaumanso, pakuti kusungunula n'kuumitsanso kumawononga kuposa kulisiya louma. Ndiye kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Ku Moshi, m'munsi mwa phirilo, kuli chipatala chachikulu. Mankhwala otsegula mitsempha amene nthawi zina amapulumutsa zala amagwira ntchito m'maola oyambirira, ena m'kati mwa maola 24 okha.

Iye anakwera basi. Masiku awiri, kudzera pa Tunduma ndi Nakonde, phazi lili lende m'nsapato yomweyo. Atafika, matuza anali atatuluka, ena a magazi, ndipo zala zinayamba kuda. Achibale anati waponda mankhwala kuphiriko, n'kupita naye kwa munthu wina amene anamutema mphini pamwamba pa phazi n'kupakapo zakudazakuda. Munthu ameneyo chipale sanachionepo, koma ndalama analandira. Mnyamatayo anafika kwa ine tsiku lachisanu ndi chinayi, fungo likumutsogolera. Amayi ake anandigwira mkono: "Adokotala, mwana wanga musamudule mwendo." Mwendo unatsala. Zala ziwiri zinapita, ndipo nthenda imene tinalimbana nayo kwambiri inalowera pa mphini zija.

Ena amandifunsa ngati kusamba madzi ozizira mwezi wathunthu kungawazoloweretse. Mudzapirira kuzizira mosadandaula kwambiri, inde, koma zala zanu zidzaumabe chimodzimodzi. Chimene thupi limazolowera ndi kuchepa kwa mpweya pamwamba, ndipo limafuna masiku. Kupitirira mamita 3,000, malo ogona asamakwere kuposa mamita 500 pa tsiku ngati n'kotheka, choncho tsiku loonjezera limene mukulikana chifukwa cha mtengo liperekeni. Katundu wanu muyeseni muli pafupi: khomani tenti pabwalo panu usiku wa July, mugonemo. Mukazizidwa ku Chelstone, ku Barafu mudzatani? Amene muli ndi sickle cell, shuga, mphumu kapena vuto la mtima, ndi inu osuta fodya, bwerani tikambirane musanalipire ulendowo.

Fomu ya mnyamata uja ndinasayina ndine. Ndinamupima mtima, mapapu ndi BP, zonse zili bwino, ndipo za nsapato sindinamufunse. Masiku ano aliyense wobwera ndi fomu ndimamubweza kuti akatenge nsapato ndi sokosi zimene akavale, azivale ndikuona, agwedeze zala zonse m'katimo. Ena amanyinyirika kuti ndikuwatayitsa ndalama ya basi.