North Carolina: zaka zoposa 30 akukanganirana malire a aphungu

Ku America kalembera wa anthu amachitika zaka 10 zilizonse, ndipo akatha, mipando 435 ya aphungu ku Washington imagawidwanso potengera kuchuluka kwa anthu m'chigawo chilichonse. Kuno ntchito yodula malire a madera a aphungu ndi ya MEC. Kumeneko, m'zigawo zambiri, pensulo imagwiridwa ndi nyumba ya malamulo ya chigawocho, kutanthauza chipani chomwe chili ndi aphungu ambiri. Kukhotetsa malire kuti akomere chipani chako amakutcha gerrymandering, kuchokera pa dzina la Elbridge Gerry, bwanamkubwa wa Massachusetts amene anasainira mapu otero mu 1812. North Carolina ndi chimodzi mwa zigawo zomwe zapondaponda m'makhothi kwambiri chifukwa cha khalidweli.

Ukathyali wake ndi wosavuta. Otsatira chipani china umawaunjika m'madera awiri kapena atatu kuti apambane ndi mavoti ochuluka mopanda ntchito, ndipo otsalawo umawamwaza m'madera ena onse kuti kulikonse azipereweza pang'ono. Palibe voti yobedwa, koma wopambana amadziwika anthu asanapite kokavota.

Mkangano wa masiku ano unayamba chipani cha Democrat chikulamula. Kalembera wa 1990 atapatsa North Carolina mpando wa 12, unduna wa zachilungamo ku Washington unakana mapu oyamba pogwiritsa ntchito lamulo la 1965 loteteza ufulu wovota, ponena kuti pafunika dera lachiwiri lomwe anthu akuda ndi ambiri. A Democrat anamvera, koma mosamala kuti aphungu awo achizungu asataye mipando. Chomwe chinatuluka ndi dera la 12, kamzere kowonda ka makilomita pafupifupi 260 kotsata msewu waukulu wa I-85, kotola anthu akuda a m'mizinda ya Durham, Greensboro ndi Charlotte. Malo ena kamzereka sikankaposa msewuwo m'lifupi.

Apa ndi pomwe nkhaniyi imavutira kuiweruza. Mu 1992 Mel Watt anapambana m'dera limenelo, Eva Clayton m'dera loyamba. Iwowa anali anthu akuda oyamba kuimira North Carolina ku Washington kuchokera pamene George Henry White anachoka mu 1901, nthawi imene anthu akuda analandidwa voti kudzera m'mayeso a kuwerenga ndi msonkho. Mapu okhota anatsegula khomo lomwe linatsekedwa zaka 90. Komabe mu 1993, pa mlandu wa Shaw v. Reno, khothi lalikulu la dzikolo linati malire odulidwa potengera khungu angathe kutsutsidwa, ndipo mu 1996 linathetsa dera la 12. Mu 2001 linavomereza dera lomwelo litakonzedwanso, ati popeza tsopano chinatsogola ndi chipani osati khungu. Andale anamva phunzirolo bwinobwino: ukanena kuti ukusankha potengera chipani, wapulumuka.

Mu 2010 a Republican anatenga nyumba zonse ziwiri za malamulo m'chigawochi, koyamba patapita zaka zoposa 100, ndipo anaitana katswiri wawo wa mapu, Thomas Hofeller. Pa chisankho cha 2012 a Democrat anapeza mavoti opitirira theka, koma mipando 4 yokha mwa 13. Khothi litathetsa mapuwo mu 2016 chifukwa chounjika anthu akuda, David Lewis, phungu wa Republican m'nyumba ya malamulo ya chigawochi, amene ankatsogolera ntchito yodulanso malire, sanabise chilichonse. Ananena poyera kuti akufuna mapu opatsa chipani chake mipando 10 ndi anzawowo 3, chifukwa sakuona njira yopezera 11. Mapu amenewo anadula pakati yunivesite ya North Carolina A&T ku Greensboro, sukulu yaikulu ya anthu akuda, moti ophunzira a sukulu imodzi ankavotera m'madera awiri, onse a aphungu a Republican.

Munthu angaganize kuti kuvomera kotereku kukanathetsa mlandu. Ayi ndithu. Mu Juni 2019, pa mlandu wa Rucho v. Common Cause, oweruza 5 mwa 9 a khothi lalikulu la dzikolo, motsogozedwa ndi mkulu wawo John Roberts, anati kukondera chipani podula malire ndi nkhani ya ndale yomwe makhothi a boma lalikulu sangalowerere. Tsiku lomwelo anakananso kuthetsa mapu a chigawo cha Maryland, omwe anakhotetsedwa ndi a Democrat.

Ofuna chilungamo anatembenukira ku makhothi a chigawo, ndipo kwa kanthawi zinayenda. Mu Febuluwale 2022 khothi lalikulu la North Carolina linakana mapu atsopano, ndipo pa mapu omwe khothi linakonza zipani ziwirizi zinagawana mipando 14 pakati, 7 uku 7 uku. Koma oweruza a kumeneko amasankhidwa pa voti, atavala mtundu wa chipani. Mu Novembala chaka chomwecho a Republican anachuluka m'khothimo, 5 kwa 2, ndipo mu Epulo 2023 anafafaniza chigamulo chija. Pa mapu atsopano, chisankho cha 2024 chinatha a Republican 10, a Democrat 4.

Kwina zinatheka chifukwa anthu anaitenga okha pensulo ija. Ku Michigan, mayi wina wachitsikana, Katie Fahey, analemba uthenga pa Facebook mu 2016 womwe unabala gulu la Voters Not Politicians. Linasonkhanitsa masiginecha oposa 400,000, ndipo pa referendamu ya 2018 ovota 61 pa 100 alionse anavomereza komiti ya nzika 13 yodula malire: 4 a chipani ichi, 4 a icho, 5 opanda chipani. Anthu a ku North Carolina alibe njira imeneyi. Malamulo awo salola nzika kuitanitsa referendamu, choncho kusintha kulikonse kuyenera kudutsa kwa aphungu omwewo amene akudyerera.

Ndipo tsopano sakudikiranso kalembera. Mu 2025, Texas itadulanso malire ake pakati pa nyengo, aphungu a North Carolina nawo anavomereza mapu ena mu Okutobala, olunjika dera loyamba la Don Davis, phungu wa Democrat, lomwe lakhala likusankha phungu wakuda kuyambira nthawi ya Eva Clayton. Bwanamkubwa Josh Stein ndi wa Democrat, koma malamulo a chigawochi samupatsa mphamvu yokana mapu a zisankho.