Ndalama za ozunzidwa ku America sizibwera kudzera pa Facebook

Uthenga wa akambelembele umabwera usiku pa Messenger, uli ndi chithunzi cha mbendera ya America. Umati boma lakusankhani kuti mulandire madola zikwi zingapo kuchokera ku thumba la anthu ochitidwa zaupandu, koma mutumize kaye kangachepe "kotsegulira fayilo". Ili ndi bodza lamkunkhuniza.

Thumbalo lilipodi. Dzina lake ndi Crime Victims Fund, ndipo linakhazikitsidwa ndi lamulo la Victims of Crime Act la mu 1984, lomwe Ronald Reagan, pulezidenti wa America pa nthawiyo, anasaina. Ndalama zake si za msonkho ayi, zambiri ndi chindapusa chomwe amalipira anthu ndi makampani opezeka olakwa m'makhoti a boma lalikulu. Nthambi ya boma yotchedwa Office for Victims of Crime ndiyo imaligawa, ndipo chaka chilichonse aphungu a Congress amaika malire a ndalama zotuluka.

Apa ndiye pagona nkhani: ndalama zambiri zimapita ku maboma a zigawo za America (states), osati m'thumba la munthu. Pa ndalama zothandizira mabungwe osamalira ozunzidwa, chigawo chilichonse chimalandira gawo loyambira, kenako zotsala zimagawidwa potengera chiwerengero cha anthu. Zigawozo zimapereka kwa mabungwe omwe apempha, monga nyumba zobisalamo amayi othawa nkhanza m'banja.

Nanga wozunzidwayo? Amalemba yekha fomu ku ofesi ya chigawo kumene mlandu unachitikira, nthawi zambiri atakanena kale kupolisi. Amamubwezera zomwe wawononga kuchipatala, pamaliro kapena malipiro omwe wataya. Salipira kalikonse polemba fomuyo, ndipo boma siliyamba ndi kumufunafuna pa foni.