Ng'ombe ndi chikamwini: mbiri ya mkangano wa akatswiri

Ku Mzimba mwamuna akalowola, mkazi amasamukira kwa apongozi ake ndipo ana amakhala a bambo. Kwa Achewa a ku Dedza kapena Lilongwe mwambo wa makolo ndi woti mwamuna akamange kwa mkazi, ana n'kukhala a mbumba ya mayi, pansi pa mtsibweni wawo. Kusiyanaku timakudziwa tonse, ndipo tikakumana pa zinkhoswe timanyozana nako. Koma kunavutitsanso akatswiri a za chikhalidwe cha anthu kwa zaka zoposa 100, ndipo njira imene anadutsamo ndi imene imandikoka mtima.

M'zaka za m'ma 1800, akatswiri ena a ku Ulaya ndi America, monga Lewis Henry Morgan, ankaphunzitsa kuti kutsata mzere wa mayi ndi chiyambi chabe, mtundu ukakhwima umatembenukira kwa bambo. Maganizo amenewa anatipweteka, chifukwa anachititsa ambiri kuona chikamwini ngati kutsalira. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880, katswiri wina, Edward Tylor, anayesa kuika nkhaniyi pa masamu. Anasonkhanitsa miyambo ya ukwati ya mitundu pafupifupi 350, n'kumawerenga kuti ndi miyambo iti imayendera limodzi. Atakamba zimenezi ku London, katswiri mnzake Francis Galton anamufunsa funso limene linaimitsa ntchito yonse: udziwa bwanji kuti mitundu iwiri yofanana mwambo siinatengere kwa kholo limodzi?

Funsoli n'lomveka. Achewa, Amang'anja ndi Anyanja onse amatsata kuchikazi, koma onsewa ndi ana a Amaravi. Kuwawerenga ngati mboni zitatu n'kudzinamiza, mboni ndi imodzi.

Mu 1961 katswiri winanso, David Aberle, anaonetsa kuti kumene kuli ziweto zazikulu, mzere wa mayi umasowa, mpaka ananena kuti ng'ombe ndi mdani wa mwambowu. Komabe funso la Galton linali pomwepo. Kodi ng'ombe ndizo zinasintha anthu, kapena anthu otsata kwa bambo anangopezeka kuti ndi aziweto?

Yankho linachokera kwa anthu amene sankaganiza n'komwe za makola. Akatswiri a zinenero anakhala zaka zambiri akulemba mawu a zilankhulo za Chibantu, kuyerekeza munthu wathu ndi umuntu wa Azulu ndi mtu wa Aswahili. Malcolm Guthrie anagawa zilankhulozi m'magulu mu 1948, ndipo ena anapitiriza kusonkhanitsa mawu ku Tervuren m'dziko la Belgium. Inali ntchito yotopetsa, ya khutu ndi pensulo. Mbali inayo, akatswiri a zamoyo anali atakonza masamu ojambulira mtengo wa ubale wa nyama ndi zomera. Wina akanayamba wafunsa kuti mawu ndi mafupa a nyama zikugwirizana pati? Zimagwirizana poti zonse zimachoka kwa kholo kupita kwa mwana, zikusintha pang'onopang'ono.

Clare Holden ndi Ruth Mace a ku University College London anaphatikiza ziwirizi. Mu 2003 anatenga mitundu 68, n'kuikhazika pa mtengo wa ubale wa zilankhulo zake, kenaka n'kulondola nthambi iliyonse kuona chimene chinayamba kufika. Anapeza kuti mitundu yotsata kuchikazi ikapeza ng'ombe, kawirikawiri imasiya mwambowo, ina n'kumatsata kwa bambo, ina mbali zonse ziwiri. Chifukwa chimene anapereka sichachilendo kwa munthu wa kumudzi. Ng'ombe zikapatsidwa kwa mwana wamwamuna, amalowolera akazi, mtundu n'kuchuluka. Munda umadyetsa mwana wamkazi mofanana ndi wamwamuna, komanso mwana wobadwa mwa mlongo wako sukayika kuti ndi magazi ako. Onjezanipo kashembe, amene amapha ng'ombe m'madera ambiri a pakati pa Africa, muona chifukwa chake mzere wa mayi unakhazikika kuyambira ku Congo ndi Angola, kudutsa Zambia ndi Malawi mpaka kumpoto kwa Mozambique.

Ine zimenezi zimandikhazika mtima pansi, poti zikuonetsa kuti chikamwini chinali nzeru yosungira chuma cha nthaka, osati umbuli. Koma sindivomera kuti masamu anamaliza zonse. Atonga a kumwera kwa Zambia ali ndi makola odzaza, koma amatsatabe kuchikazi. Ndiye pali Angoni. Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835, tsiku limene kunachitika kadamsana, atanyamula mwambo wa malowolo kuchokera kumwera. A kwa M'mbelwa anausunga, ngakhale anayamba kulankhula Chitumbuka. A kwa Gomani ku Ntcheu anakwatira kwa eni nthaka, Chingoni chinazilala m'kamwa mwa ana awo, ndipo midzi yambiri inalowa m'chikamwini. Apa mtengo wa zilankhulo ukhoza kukusocheretsa, chifukwa Mngoni wa ku Ntcheu umuika pa nthambi ya Achewa, pamene ingoma ndi nthungo zake zikuloza kwa Azulu. Kuti umvetse mmene zinayendera, uyenera kukhala pamkeka ndi agogo, akufotokozere amene anakwatira ndani, ng'ombe zinatha liti, ndi chifukwa chake banja lakuti linapempha chitengwa pamene anansi awo anakhalabe akamwini.