Abambo, mimba ikamakula koma mphamvu zikuchepa, musangoti ndi ukalamba

Kuno ku Zomba bambo akayamba kutuluka mimba, anzake amamuyamikira kuti zinthu zikumuyendera. Lamba amaboola bowo lina, malaya amasiya kupisira. Koma ena mwa abambo amenewa akuvutika chamumtima: amadzuka ali otopa, akadya nsima pasanathe nthawi njala yabweranso, kukwera kamtunda kochokera ku Mpondabwino amapumira m'mwamba, ndipo kuchipinda chilakolako chinazilala. Nthawi zina gwero lake ndi kuchepa kwa homoni yachimuna yotchedwa testosterone.

Homoni imeneyi imapangidwa m'machende, molamulidwa ndi kachiwalo kakang'ono kamene kali kunsi kwa ubongo. Ndiyo imalimbitsa minofu ndi mafupa, imathandiza kupanga umuna ndi magazi. Mwamuna akapitirira zaka 40 imatsika pang'onopang'ono, pafupifupi 1 peresenti pachaka, ndipo zimenezo n'zachilengedwe. Koma ikatsika kwambiri, minofu imaphwa. Minofu ndiyo imawotcha chakudya chambiri m'thupi, ndiye ikachepa, chakudya chotsala chimasanduka mafuta, makamaka pamimba.

Apa m'pamene pali msampha. Mafuta a pamimba sangokhala phee ngati thumba la chimanga. Amatenga testosterone n'kuisandutsa estrogen, homoni imene imachuluka mwa amayi. Ubongo ukaona estrogen yachuluka, umauza machende kuti achepetse ntchito. Testosterone itsikanso, mafuta awonjezeke, mafutawo aitsitsenso. N'chifukwa chake abambo ena onenepa amayamba kutuluka timabere.

Nanga njala yosathayo? Mafuta amatulutsa homoni ina, leptin, youza ubongo kuti munthu wakhuta. Mafuta akachuluka kwa nthawi yaitali, ubongo umasiya kuimvera, moti munthu amatsuka m'manja mtima ukufunabe mtanda wina. M'mimba namo mumachokera ghrelin, homoni yoitana njala, ndipo imakwera munthu akamagona mochepa. Ganizirani mlonda wogwira usiku, kapena bambo woliza mkonono mpaka kumabanika kutulo: m'mawa thupi limangofuna mandasi, tiyi wa shuga wambiri ndi tchipisi cha pachiwaya. Uwu si umbombo ayi, ndipo amayi kunyumba musawanyoze. Thupi likafika apa limasiyanso kumvera insulin, homoni yotsitsa shuga m'magazi, ndipo matenda a shuga amakhala ali pakhomo.

Si kunenepa kokha kumene kumatsitsa homoniyi. Mowa wambiri, kuvulala machende, matsagwidi amene anatupitsa machende munthu ali wamkulu, HIV ndiponso mankhwala ena amphamvu oletsa ululu zimatero.

Bwerekani tepi kwa telala muyeze mimba podutsa pamchombo, osaikokera mkati. Ikapitirira masentimita 94 samalani, ikafika 102 chiopsezo ndi chachikulu. Pitani kuchipatala chapafupi, kaya ku Matawale, akakuyezeni shuga ndi BP, ndipo mukanene zonse, za kuchipinda zomwe. Manyazi asakutsekeni pakamwa. Achipatala nkhani zotere amazimva tsiku ndi tsiku. Pakafunika kutero adzakutumizani ku Zomba Central Hospital. Testosterone imayezedwa m'magazi otengedwa m'mawa, chifukwa ndiyo nthawi imene imakhala yokwera, ndipo amayeza kawiri masiku osiyana asanatsimikize. Zizindikiro zokha sizikwanira, poti kuchepa magazi, shuga ndi nkhawa zimatopetsanso chimodzimodzi.

Chotilimbitsa mtima n'chakuti kwa abambo ambiri amene vuto linabwera ndi kunenepa, thupi likatsika homoniyo imakweranso yokha. Chepetsani mitanda, ndipo ikhale ya mgaiwa. Mbale idzaze nkhwani, bonongwe, nandolo, nyemba kapena matemba a ku Chilwa. Zakumwa zotsekemera ndi mowa zichepe. Yendani ndawala mphindi 30 masiku asanu pasabata. Msewu wokwera ku Chawe uli pomwepa ndipo salipiritsa. Kulima, kuwaza nkhuni ndi kunyamula zolemera kumabwezeretsa minofu. Gonani maola 7 kapena 8.

Chonde musagule jakisoni kapena mapiritsi a testosterone kwa ogulitsa pa Facebook kapena kumalo onyamulira zitsulo. Mankhwalawa amachititsa machende kusiya kupanga umuna, moti bambo wofuna mwana angalephere kubereka. Amalimbitsanso magazi mpaka kuundana m'mitsempha. Gondolosi wa pamsika naye sangakuuzeni ngati muli ndi shuga. Amene akufunikadi testosterone amalemberedwa ndi dokotala, atayezedwa magazi ndi prostate (kachiwalo ka abambo kamene kali kunsi kwa chikhodzodzo), ndipo amabwererako kukayezedwanso pa masiku amene wapatsidwa.