Musanagule Sitata, Suzumirani Pansi pa Chiwongolero

June akafika, m'mawa muno mu Harare mukamazizira mpaka zala kuuma, foni yanga, ine wokonza zamagetsi a galimoto, sipuma. Nkhani imakhala yomweyomweyo: dzulo galimoto inali bwinobwino, lero ndapotokola kiyi, kuli zii. Ambiri amandiimbira atagula kale batire, ena atazungulira kale Kaguvi Street kufunsa mtengo wa sitata. Ine ndimayamba ndi funso lina: kodi m'galimotomo muli alamu, tracker (kachipangizo kolondola komwe galimoto ili) kapena rimoti yolizira injini muli patali, zimene zinaikidwa galimoto itachoka kale kufakitale?

Chifukwa chake n'chakuti alamu yoletsa akuba imagwira ntchito podula waya. Kuchokera pa kiyi pali waya amene amapita ku sitata kukaiuza kuti itembenuze injini. Woika alamu amadula wayayo pakati, kawirikawiri pansi pa chiwongolero, n'kulowetsa mbali ziwirizo mu relay, kabokosi kakuda kaja kokhala ndi timiyendo tisanu. Alamu ikalola, relay imalumikiza mbali ziwirizo ndipo moto umadutsa. Ikakana, kiyi mungamupotokole mpaka dzuwa kulowa, sitata siimva kanthu. Ena amadula waya wa pampu ya petulo kapena wa ignition, wopereka moto woyatsira injini. Ndiye pamene panali waya mmodzi wathunthu, tsopano pali mfundo ziwiri, relay, fyuzi, waya wa earth (wobwezera moto ku chitsulo cha galimoto), ndi kabokosi koganiza kamene kanaikidwa ndi munthu amene mwina simunamuonepo.

Tsono galimoto ikakana, yambani mwaimvetsera. Tsekani wailesi, tsitsani galasi.

Ngati magetsi a pa dashibodi akuwala bwino, mukapotokola kiyi osazirala n'komwe, ndipo ku injini kuli chete, ndiye kuti uthenga sukufika ku sitata. Galimoto ikakhala ya automatic, yesani kaye kuika giya pa N muli mutaponda buleki, chifukwa switch ya pa giya imachitanso zomwezi. Ikakanabe, maso anga amapita pa relay ya alamu. Ngati mukumva kugogoda kofulumira, ke-ke-ke-ke, magetsi n'kumaphethira, batire lafooka kapena mitu yake yamera zoyera zija. Koma injini ikamatembenuka mwamphamvu osagwira moto, kapena kugwira masekondi awiri n'kuzima, sitata ichotseni m'nkhaniyo. Bwezani kiyi, mumuikenso pa ON, mutchere khutu kumbuyo: magalimoto ambiri pampu ya petulo imang'ung'udza pang'ono isanatonthole. Ikapanda kumveka, mwina ndi waya wakeyo amene alamu kapena tracker yagwira.

Chaka chatha bambo wina wa kwathu ku Dedza, wokhala ku Mufakose, anabwera ndi Toyota Wish yokokedwa pa chingwe. Anali atasintha sitata, n'kusinthanso batire. "Achimwene, galimoto iyi yandilodza. Masana imalira, m'mawa imakana. Ndikamenya dashibodi nthawi zina imavomera." Mawu omalizawo ndi amene anandiuza zonse. Sitata yakufa siuka chifukwa mwamenya dashibodi. Nditatsegula pansi pa chiwongolero ndinapeza mawaya opotokoledwa ndi manja, okulungidwa ndi tepi imene guluu wake anasungunuka kalekale. Mkuwa unali utada. Kukazizira mfundo imakhwepa, kukatentha imagwira pang'ono, maenje a mumsewu n'kumalizitsa ntchito. Pa magalimoto amene ndatsegula, kabokosi ka alamu si kamene kamafa kawirikawiri. Chimafa ndi mfundo, kapena waya wa earth womangidwa pa sikulu ya dzimbiri. Timapulasitiki toluma waya osamusenda, tija amakonda anyamata ofulumira, timandinyansa kwambiri: timadula tiulusi ta mkuwa, ndipo patapita zaka ziwiri mwini galimoto ndi amene amalira.

Pali zinthu zingapo zimene mungayese nokha musanaitane munthu. Sinthani batire la m'rimoti. Zambiri zimadya CR2032 yooneka ngati ndalama yachitsulo kapena 23A yaing'ono ya mavoti 12. Khomani ndi kutsegula ndi rimotiyo, osati ndi kiyi pachitseko, chifukwa alamu zambiri zimadzikhoma zokha batire la galimoto likachotsedwa n'kubwezeretsedwa. N'chifukwa chake ena amati "ndangosintha batire, galimoto yafa". Kenako funani kabatani kobisika ka valet, kamene kamakhala pansi pa dashibodi kapena pafupi ndi bokosi la mafyuzi. Kiyi ali pa ON, mukakadina monga mwa malangizo a alamuyo, imagona ndipo relay imamasuka. Kadinidwe kake kamasiyana alamu ndi alamu, choncho werengani dzina pa kabokosiko. Ndipo ngati muli tracker, imbani foni kukampani yake musanagwire sipanala. Ndaonapo oyendetsa Honda Fit ya mushikashika (timagalimoto tonyamula anthu ngati takisi) akuvutika tsiku lonse, pamene mwini galimoto ndi amene waizimitsa pa foni ali kunyumba chifukwa ndalama ya dzulo sinakwane.

Batire lomangotha usiku lili ndi nkhani yakeyake. Lodzaza bwino, galimoto itapuma, limaonetsa mavoti 12.6, pa 12.2 latsala pafupifupi theka. Injini ikulira muyenera kuona pakati pa 13.8 ndi 14.4. Ngati zonsezi zili bwino koma galimoto ikaima Lachisanu, Lolemba sidzuka, pali chimene chikuyamwa moto. Timachotsa waya wa negative, n'kuika mita yoyezera magetsi pakati pa wayayo ndi mutu wa batire, zitseko zotseka, n'kudikira mphindi 30 kuti makompyuta a galimoto agone. Musalize injini mita ili pamenepo, mudzaiotcha. Galimoto yabwino siyenera kupitirira 50 milliamps. Tiyerekeze kuti alamu yokalamba, tracker ndi kabokosi ka rimoti pamodzi zikudya 200 milliamps. Pa tsiku ndi pafupifupi 5Ah (Ah ndi muyeso wa moto umene batire limasunga). Batire laling'ono la 35Ah ngati la timagalimoto tathu ta ku Japan, masiku anayi okha latha kupitirira theka, ndipo m'mawa wa July theka silitembenuza injini. Timazula fyuzi ya chipangizo chimodzichimodzi mpaka nambala itagwa. Kugula batire lina popanda kuchita zimenezi n'kutungira madzi m'dengu.

Za rimoti yolizira injini zimadabwitsa anthu ambiri, chifukwa ena sadziwa n'komwe kuti ali nayo. Ku Japan, makamaka kumadera a chipale ngati Hokkaido, anthu amaika tizipangizo ta Carmate kapena Yupiteru kuti galimoto izitenthera iwo akali m'nyumba. Galimoto imadutsa pa malire a Beitbridge kapena a Chirundu kabokosiko kali momwemo, rimoti yake inatsala kutsidya kwa nyanja. Musakasokoneze ndi kena kaja kolankhula Chijapani ndi mawu a mzimayi mukangoika kiyi. Kameneko ndi ka ETC, kolipirira misewu ya kumeneko, ndipo kulira kwa injini sikakukhudza.

Ubwino wa zambiri za ku Japan ndi wakuti sizidula waya. Zimalowa pakati pa pulagi ya kiyi ndi inzake, ndiye moto wonse wa ignition umadutsira m'mawaya ake. Pulagiyo ikakhwepa kapena kupsa, ngakhale kiyi weniweni saliza galimoto. Mankhwala ake ndi kuchotsa mawaya apakatiwo n'kubwezera pulagi ya fakitale pamalo pake, ntchito ya mphindi khumi. Zoikidwa kuno ndi zimene zimatopetsa. Ngati kiyi akuliza koma rimoti ikukana, onani kaswitch ka pa boneti: kakachita dzimbiri kapena kupindika, kabokosi kamaganiza kuti boneti ndi yotsegula ndipo kamakana, kuteteza manja a makanika. Ikamalira n'kuzima, n'kuyesanso kawiri katatu, kabokosi sikakumva kuti injini yagwira, kapena immobiliser ya fakitale, imene imaletsa injini kulira popanda kiyi wake weniweni, yakana. Oika ena amabisa kiyi wapadera wokhala ndi chip m'kabokosi pansi pa dashibodi kuti anamize immobiliser. Kakasuntha, kapena galimoto ikamva makiyi awiri nthawi imodzi, imasokonezeka. Pa galimoto ya giya wamanja rimoti yotere sindiika ndipo ndikaipeza ndimalangiza kuichotsa. Kungoiwala giya wani usiku umodzi, galimoto yalowa pa geti yokha.

Chimene ndimapempha n'chakuti musalole munthu kungozula kabokosi n'kutaya. Relay zina zimalumikiza zokha alamu ikachoka, zina zimatsalira zolekanitsa, ndiye mwazula ubongo koma bala la pa waya lilipobe. Kuchotsa kwabwino ndi kulondola waya aliyense mpaka pomwe anadulidwa, kulumikiza mitundu yofanana, kuwotcherera ndi mtovu (solder), n'kuvala kachubu kofota ndi moto. Batire likhale lochotsedwa, ndipo mapulagi achikasu a pansi pa chiwongolero musawakhudze kapena kuwapima ndi babu, ndi a airbag.

Wish ya bambo wa ku Mufakose ija tinawotcherera mfundo ziwiri, n'kusamutsira earth pa bauti yoyera. Alamu tinaisiya chifukwa inalibe mlandu, ndipo galimotoyo imagona panja. Inalira kamodzi n'kamodzi. Anakhala kaye chete pampando, kenako anatsegula buti n'kundionetsa sitata yakale ili m'thumba la ufa. Tinaiyesa pa benchi, inatembenuka ngati yatsopano. Anandifunsa ngati akusitolo angalandire imene anagula ija. Ndinawauza kuti akayese, koma pa risiti yawo panali patadindidwa kale kuti zamagetsi sizibwezedwa.