Chakudya cha m'sitima zoyendera alendo sichilipiridwa mbale iliyonse ayi

Kuno ku Kasungu anthu akamakamba za sitima zapamadzi zikuluzikulu zija zonyamuka ku Durban, ngati za kampani ya MSC zopita ku Portuguese Island ndi Pomene ku Mozambique, ambiri amati mmenemo chakudya chimatha ndalama zonse m'thumba. Mwina nchifukwa tinazolowera Ilala, poti mmene muja ukafuna kudya umagula wekha. Koma sizili choncho abale.

Tikiti yomwe walipira ija imaphatikiza kale kabini ndi chakudya. Ku bafeti umangotenga mbale nkumadzigawira wekha, mpunga, nkhuku, pitsa, saladi, zipatso, ukafuna kubwereza palibe okuyang'ana, ndipo madzulo ku lesitilanti yaikulu amakupatsa tebulo, weta nkubwera ndi menyu, osatulutsa kobiri. Tiyi, khofi ndi madzi a ku bafeti nazonso ndi zaulere.

Pomwe ndalama zimathera ndi pa zakumwa. Mowa, wayini, ngakhale Fanta, zimalembedwa pa khadi la kabini yako pamodzi ndi chakudya cha m'malesitilanti apadera. Ine ndimati funsani mtengo wa phukusi la zakumwa, lomwe ndi kulipiriratu zakumwa za ulendo wonse pamodzi, musanakwere. Nsima yokha musaiyembekezere kwambiri.